DZINA NDI LA BIZINESI, NGONGOLE NDI YA MWINI

Awa ndi mawu amene mlembi wofalitsa nkhani za chipani analankhula pa msonkhano wa atsogoleri a nthambi, ogwira ntchito m'boma ndi amalonda ang'onoang'ono. Tawasindikiza monga momwe anawalankhulira.



 Nkhani imene ndapatsidwa lero ndi ya kalembetsedwe ndi kakhazikitsidwe ka bizinesi ya munthu mmodzi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti mumtima nkhani imeneyi ndi ya maloya ndi akalaliki a m'maofesi. Koma ndikamwaza maso m'holo muno ndikuona aphunzitsi amene ali ndi golosale kumudzi, anamwino amene amaoda zitenje, alangizi amene amapikula mtedza ndi nyemba, atelala, akalipentala, ndiponso akuluakulu amene atsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito ndipo usiku sagona tulo poganiza chimene adzachite ndi ndalama zawo zopumira. Choncho nkhaniyi ndi yathu tonse.

Ndilole ndiyambe ndi zimene zinachitika m'banja mwathu. Malume anga anagwira ntchito ya ukalaliki m'boma kwa zaka zambiri, ndipo atapuma anagula chigayo cha dizilo nachimanga pamphambano kwathu. Anali munthu wa dongosolo zedi. Anachipatsa dzina chigayocho, analembetsa dzinalo ku boma, ndipo setifiketi yake anaiika m'galasi naipachika pakhoma. Chaka choyamba zinthu zinayenda bwino kotero kuti anakongola ndalama kuti atsegule chigayo chachiwiri pamsika wina. Tsoka ilo, mvula inavuta, chimanga chinachepa m'midzi, anthu ogayitsa anasowa, ndipo injini ya chigayo choyamba inaphwanyika. Ngongole inakula. Mwini ndalama atatopa ndi malonjezo anakasuma kubwalo la milandu, ndipo m'mawa wina masherifu anafika ndi galimoto. Anatenga zigayo zonse ziwiri, koma sanalekere pomwepo. Anatenganso ngolo, ng'ombe ziwiri za pagoli ndi njinga. Mayi a kunyumba kwawo analira kuti makina osokera ndi awo, anagula ndi ndalama zawo za mandasi, koma analibe risiti yoti aonetse.

Madzulo ake ndinawapeza malume atakhala pakhonde, atagwira njakata. Iwo anati kwa ine, "Mphwanga, ngongole ija inali ya chigayo. Chigayo chili ndi dzina lake, ndinachilembetsa. Nanga ng'ombe zanga zalakwa chiyani?"

Amayi ndi abambo, funso la malume angali ndilo ndabwera kudzayankha lero, chifukwa ndikukhulupirira kuti ambiri a ife tili ndi maganizo omwewo. Timayesa kuti tikalembetsa bizinesi ndiye kuti tamanga mpanda pakati pa bizinesiyo ndi katundu wa pakhomo pathu. Sizili choncho ayi.

Bizinesi ya munthu mmodzi, imene pa mafomu a boma imalembedwa m'Chingerezi kuti sole proprietorship, ndiyo yosavuta kuiyamba mwa mitundu yonse ya mabizinesi. Mwini wake ndi mmodzi. Mpamba ndi wake, maganizo ndi ake, phindu lonse ndi lake. Safunika kuitanitsa msonkhano kuti akweze mtengo wa sopo kapena kuti asiye kugulitsa mchere nayamba kugulitsa feteleza. Koma pamaso pa lamulo munthuyo ndi bizinesi yake ndi chinthu chimodzi. Dzina limene lalembedwa pachikwangwani lili ngati malaya amene munthu wavala popita kumsika. Wovalayo ndi yemwe uja. Bizinesi ikakongola, wakongola ndi iye. Bizinesi ikaswa pangano, woimbidwa mlandu ndi iye. Ndipo katundu wa m'sitolo akalephera kukwanira pa ngongole, wokongozayo ali ndi mphamvu, kudzera kubwalo la milandu, yofikira pa katundu wina aliyense wa mwiniyo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene afuna kudya phindu yekha ayenera kudziwa kuti ngongole adzaisenzanso yekha.

Kampani ndi yosiyana. Kampani ikalembetsedwa, lamulo limaiona ngati munthu wapayekha, amene angathe kukhala ndi katundu, kukongola ndi kusumiridwa m'dzina lake, ndipo eni ake kawirikawiri amataya zokhazo zimene anaikamo. Lamulo la makampani la chaka cha 2013 limalola ngakhale munthu mmodzi kutsegula kampani yake. Koma kampani ili ndi mtolo wake: mapepala ambiri, malipoti oyenera kuperekedwa chaka ndi chaka, ndi ndalama zolipira odziwa kuwerengera chuma. Ndiponso mabanki pokongoza kampani yaing'ono nthawi zambiri amafuna kuti mwini wake asaine kuti adzabweza iye mwini kampani ikalephera. Pali mtundu winanso, umene anthu awiri kapena kuposerapo amaphatikiza mpamba nachita malonda pamodzi. Pamenepo ngongole imene mnzako watenga m'dzina la bizinesi ingathe kugwera iwe. N'chifukwa chake kwa munthu amene akuyamba ndi okala, chigayo, shopu ya ukalipentala kapena malo odyera, bizinesi ya munthu mmodzi ndiyo khomo loyenera kuloweramo, malinga alowe maso ali otsegula.

Tsono wina afunsa kuti, ngati kulembetsa sikuteteza ng'ombe zanga, ndilembetserenji? Funso labwino ndithu, ndipo mayankho ake alipo anayi.

Loyamba, kulembetsa ndi kutsata lamulo la dziko. Lamulo limene limayendetsa kaundula wa mabizinesi ndi Business Registration Act la chaka cha 2012, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la nthawi ya atsamunda lolembetsera maina a mabizinesi. Anthu amene mukuchita nawo malonda ali ndi ufulu wodziwa kuti kuseri kwa dzina lokongola lija kuli yani. Lachiwiri, dzina likalowa m'kaundula munthu wina sangalembetsenso bizinesi yake ndi dzina lomwelo. Mbiri yabwino imene mwaimanga kwa zaka khumi siibedwa ndi munthu wobwera dzulo. Lachitatu, popanda setifiketi simungatsegule akaunti ya kubanki m'dzina la bizinesi, ndipo sukulu, chipatala, khonsolo kapena kampani yaikulu siingakulipireni ndalama zambiri m'thumba la malaya. Lachinayi, amene amakongoza mpamba amafuna kuona kuti bizinesi ilipodi, ili ndi malo, ndipo yakhala ikuyenda. Munthu wosalembetsa angathe kuthera pakhomo la katapila, ndipo tonse tikudziwa kumene khomo limenelo limatulukira.

Tsopano ndifotokoze njira yake, mwatsatanetsatane, kuti pasakhale wina wotuluka muno akunena kuti sanamve.

Choyamba ndi dzina. Musanalembe chikwangwani, musanadinditse mabuku a marisiti, konzani maina awiri kapena atatu, chifukwa limene mwalikonda lingathe kupezeka kuti wina analitenga kale. Dzina lisakhale lofanana ndi la bizinesi ina, lisakhale lotukwana, ndipo lisanamize anthu kuti bizinesi yanu ndi nthambi ya boma. Musaikepo mawu akuti Limited kumapeto, chifukwa mawu amenewo ndi a kampani, ndipo kuwagwiritsa ntchito pa bizinesi ya munthu mmodzi ndi kunamiza anthu. Ndikulangizeninso kuti musankhe dzina limene mudzakhalabe nalo bizinesi ikakula. Mukaitcha dzina la mandasi lero, mawa mukayamba kugulitsa simenti mudzachita nalo manyazi.

Chachiwiri ndi kulembetsa kumene. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi ofesi ya boma yosunga kaundula wa mabizinesi ndi makampani, imene anthu akhala akuidziwa ndi dzina loti ofesi ya Registrar General, ndipo likulu lake linali mumzinda wa Blantyre. Makolo athu ankachita kukwera basi, kugona panjira ndi kudikira masabata kuti pepala lituluke. Masiku ano pali njira ya pa intaneti yotchedwa Malawi Business Registration System, kapena MBRS mwachidule, imene munthu angalembetsere ali kwawo komweko. Mudzafunsidwa dzina lanu lenileni, chiphaso chanu cha unzika chija tinayamba kulandira m'kalembera wa chaka cha 2017, malo amene bizinesi ili, keyala yanu, ndi mtundu wa malonda amene mukuchita. Kenaka mudzalipira ndalama imene boma linaika. Amene simunazolowere kompyuta musachite manyazi kupempha mwana wanu kapena mnzanu kuti akuthandizeni. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma onetsetsani ndi maso anu kuti dzina limene lalembedwa pamalo a mwini ndi lanu, ndipo nambala ya foni imene yaikidwapo ndi yanu.

Pano ndichenjeze za madobadoba, anyamata aja amaima pazipata za maofesi nanena kuti adzakufulumizitsirani zinthu. Ena a iwo amakulipiritsani katatu ndalama yoyenera, ena amakupatsani setifiketi yabodza imene mudzaizindikira tsiku limene banki idzaikana. Ndalama iliyonse imene mwalipira boma iyenera kukhala ndi risiti yake. Setifiketi ikatuluka iwerengeni bwino, onani ngati maina alembedwa molondola, onaninso tsiku limene idzathere mphamvu kuti mudzaikonzenso nthawi yake isanapite. Mukasamuka malo, mukasintha mtundu wa malonda, kapena mukatseka bizinesi, dziwitsani ofesi ija. Ambiri amatseka chitseko cha sitolo naiwala kutseka m'kaundula, ndipo patapita zaka amadabwa akufunsidwa za bizinesi imene inafa kalekale.

Chachitatu ndi msonkho. Mukalembetsa, kadziwikeni ku bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito yake m'chaka cha 2000, kuti mukhale ndi nambala ya wokhoma msonkho, ija ambiri amaitcha TPIN. Popeza inu ndi bizinesi yanu ndinu chinthu chimodzi, phindu la bizinesiyo limawerengedwa ngati ndalama zimene inu mwini mwapeza. Inu apantchito mumve bwino pamenepa: msonkho umene amakudulani pa malipiro a mwezi sukhudza phindu la golosale yanu. Phindulo nalonso liyenera kunenedwa. Mabizinesi ang'onoang'ono ali ndi njira yawo yofewerapo yokhomera msonkho, ndipo malire ake amasintha nduna ya zachuma ikapereka ndondomeko ya chuma ku Nyumba ya Malamulo. Choncho funsani ku ofesi ya msonkho ya m'boma lanu, osati kwa mnzanu wa pabawo. Msonkho wa VAT uli ndi kalembetsedwe kake, ndipo umakhudza bizinesi imene malonda ake a pachaka afika pa mlingo woikika. Ngati simunalembetse VAT musaiwonjezere pa mitengo yanu, chifukwa kutero ndi mlandu. Ndiponso mukagulitsa katundu ku boma kapena ku kampani, musadabwe kuona kuti adulako kandalama ka msonkho asanakulipireni. Pemphani chikalata chosonyeza ndalama imene yadulidwayo ndipo chisungeni, pakuti chimenecho chidzachepetsa msonkho wanu powerengera pakutha pa chaka.

Chachinayi ndi laisensi. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Setifiketi ya kaundula imanena kuti bizinesi yakutiyakuti ilipo ndipo mwini wake ndi uje. Laisensi imanena kuti mwaloledwa kuchita malonda akutiakuti pamalo akutiakuti. Izi ndi zinthu ziwiri, ndipo china sichilowa m'malo mwa chinzake. Lamulo la malaisensi a malonda nalonso ndi la chaka cha 2012, ndipo kwa wamalonda wamng'ono khomo loyamba kugogoda ndi la khonsolo ya boma, ya tauni kapena ya mzinda umene akuchitiramo malonda. Laisensi imakonzedwanso chaka ndi chaka. Malonda ena amafuna zilolezo zapadera. Wophika ndi kugulitsa zakudya ayenera kuyenderedwa ndi a zaumoyo. Wogulitsa mowa ali ndi laisensi yakeyake. Wogulitsa mankhwala sangayambe popanda chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala. Wopanga zinthu zoika m'mapaketi ndi m'mabotolo, monga chiponde, uchi kapena mafuta ophikira, ayenera kuonana ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1972, ndipo bungwe lomwelo ndilo limayesa masikelo. Inu opikula mbewu, sikelo yobera mlimi ndi mlandu pamaso pa lamulo ndiponso ndi chamanyazi pamaso pa mudzi.

Chachisanu ndi banki. Tengani setifiketi yanu, nambala ya msonkho ndi chiphaso cha unzika, mukatsegule akaunti ya bizinesi yosiyana ndi imene mumalandirira malipiro. Ngati mumalandira ndalama za malonda pa foni, khalani ndi nambala ya malonda yokhayokha. Ndipo amene mukufuna kumagulitsa katundu ku maofesi a boma, masukulu ndi zipatala zake, muyenera kulembetsanso ku bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, lija timalitcha PPDA, ndi kukhala ndi chikalata chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho.

Bambo Wapampando, mapepala onsewa munthu wakhama angawamalize m'masabata owerengeka. Ntchito yovuta imayamba mapepala atatha. Ndanena kuti lamulo silimanga mpanda pakati pa inu ndi bizinesi yanu. Tsono mpandawo muyenera kuumanga nokha, ndi mwambo wanu, tsiku ndi tsiku.

Achikulire muno akukumbukira zimene zinachitika m'zaka za m'ma 1970, pamene amalonda a Chimwenye analamulidwa kuchoka m'madera a kumidzi ndi kukachitira malonda awo m'mizinda. Masitolo ambiri anapita m'manja mwa Amalawi, ndipo chiyembekezo chinali chachikulu. Koma pasanapite zaka zambiri masitolo ochuluka anatsekedwa, ndipo mabwinja a ena mwa iwo tikuwaonabe m'misika yathu. Zifukwa zinali zambiri: mpamba unali wochepa, katundu anali wovuta kuoda ndi kunyamula, ndiponso ambiri anali asanaphunzire kusunga mabuku. M'chaka cha 1982 kunakhazikitsidwa bungwe la SEDOM kuti lizikongoza ndi kulangiza amalonda ang'onoang'ono. Phunziro la nthawi imeneyo silinakalambe. Kukhala ndi sitolo n'kwina, kuisunga n'kwinanso.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Belo la shuga limakhala ndi mapaketi 20. Tiyerekeze kuti mukagulitsa belo lonse, mutachotsa ndalama imene munaodera ndi ya mayendedwe, phindu lanu limafanana ndi mtengo wa mapaketi awiri. Lolemba mayi a kunyumba atuma mwana kudzatenga paketi imodzi ya tiyi wa m'mawa. Lachitatu alamu abwera kudzacheza, ndipo inu mwa ulemu muwapatsira paketi ina. Phindu la belo lija lathera pomwepo, ngakhale kuti mapaketi 18 otsalawo mudzawagulitsa ndi thukuta. Loweruka mfumu ya ndalama zanu, mwana wa mchemwali wanu, atenga paketi yachitatu pa ngongole imene nonse awiri mukudziwa kuti sadzabweza. Pamenepo mwayamba kudya mpamba. Palibe wakuba amene wathyola chitseko, palibe moto umene wabuka, koma pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi mashelufu ali mbee, ndipo mwayamba kunena kuti anthu akukulodzani kapena ndalama zikutengedwa ndi chitaka.

Mankhwala ake ndi mabuku atatu a sukulu, a mtengo wochepa. M'buku loyamba lembani ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka, tsiku lomwelo, musanagone. M'buku lachiwiri lembani katundu amene mwaoda ndi amene watsala, ndipo muziwerenga katunduyo kamodzi pa mwezi. M'buku lachitatu lembani amene akukongolani ndi amene inu mwawakongola, ndi tsiku lobweza. Kenaka dziikireni malipiro a pamwezi monga momwe mungalipirire wantchito, ndipo zofuna zonse za pakhomo, fizi, maliro, chithandizo cha abale, zichokere m'malipiro amenewo. Mukafuna sopo wa pakhomo mugule m'sitolo yanu ndi ndalama ya m'thumba mwanu. Ena adzakusekani, ena adzakutchani woumira. Asiyeni. Kuthandiza abale ndi mwambo wathu wabwino ndipo sindikuti tiusiye, koma muwathandize ndi mazira, osati ndi nkhuku yoikira.

Pa nkhani ya ngongole, popeza tsopano mwadziwa kuti idzakutsatani mpaka pakhomo, musanasaine pepala lililonse dzifunseni kuti, malonda akaima miyezi itatu, ndidzabweza ndi chiyani? Werengani chiwongola dzanja chonse, osati cha mwezi umodzi wokha. Musapereke nyumba imene ana anu amagonamo kukhala chikole musanakhale pansi ndi akunyumba kwanu. Ndipo katundu amene mayi kapena bambo a kunyumba agula ndi ndalama zawo, risiti ilembedwe m'dzina lawo ndipo isungidwe. Makina osokera aja akanapulumuka ndi kapepala kamodzi.

Mukalemba wantchito, ngakhale mmodzi, mwasanduka bwana pamaso pa lamulo la ntchito la chaka cha 2000. Boma limaika malipiro ochepetsetsa amene munthu ayenera kulandira, ndipo wantchito ali ndi ufulu wopuma ndi wa tchuthi. Kuyambira m'chaka cha 2011 lamulo la penshoni limalamula olemba anthu ntchito kuti aziwasungira penshoni, bwana kuikapo magawo 10 pa 100 aliwonse a malipiro ndipo wantchito magawo 5, kupatula magulu ena a antchito amene lamulolo linawapatula. Wantchito akavulala pa ntchito, monga mnyamata wa pachigayo lamba akamudula chala, chipukuta misozi chidzafunsidwa kwa inu mwini. Lemberanani pangano, ngakhale wantchitoyo ndi mwana wa achimwene anu.

Tsopano ndilankhule ndi inu ogwira ntchito m'boma, ndipo mundikhululukire ndikakutsinani khutu, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Kuchita bizinesi yapambali kuti banja lidye si chinthu chamanyazi. Koma werengani malamulo a ntchito yanu, ndipo pamene pafunika chilolezo kapena kudziwitsa akuluakulu, teroni. Nthawi ya boma ndi ya boma. Galimoto, mafuta ndi mapepala a boma si mpamba wa golosale yanu. Choposa zonse, musakhale mbali ziwiri za tebulo limodzi, m'mawa kusaina kuti ofesi igule katundu, masana kubwera ndi katunduyo m'dzina la bizinesi yanu. Lamulo lothana ndi ziphuphu la chaka cha 1995, limene linabala bungwe la Anti-Corruption Bureau, lilipo, ndipo lamulo la chaka cha 2013 limalamula akuluakulu ena a boma kuti aziulula chuma chawo ndi mabizinesi awo. Tonse tikukumbukira nkhani ya Cashgate imene inaululika m'chaka chomwecho cha 2013, pamene ndalama zankhaninkhani za boma zinalipiridwa ku mabizinesi amene sanapereke katundu kapena kugwira ntchito ina iliyonse. Ena mwa amene anakalowa kundende anali eni mabizinesi amene ndalamazo zinadzera m'maakaunti awo.

Pachifukwa chimenechi ndikuchenjeza amayi ndi achinyamata makamaka. Munthu wina, ngakhale bambo a kunyumba, ngakhale malume, akakuuzani kuti, "Ndibwereke chiphaso chako ndilembetsere bizinesi, iwe suvutika ndi kanthu," kanani mwaulemu. Dzina limene lili m'kaundula ndilo lidzafunsidwa msonkho, ndilo lidzasumiridwa, ndilo lidzaitanidwa kupolisi. Ndipo inu obwereka maina a anzanu dziwaninso kuti tsiku limene mudzayambane, lamulo lidzaona mwini kukhala iye amene analembedwa, ndipo inu mudzatuluka chimanjamanja.

Kwa anzanga atsogoleri a nthambi ndi a madera ndili ndi mawu amodzi okha. Khadi la chipani si laisensi ya malonda. Wotolera ndalama za msika akafika pa benchi yanu, inu mukhale oyamba kulipira ndi kulandira tikiti. Anthu amaphunzira poona zimene mtsogoleri akuchita, ndipo mtsogoleri wozemba msonkho alibe pakamwa pofunsira chifukwa chake msika ulibe chimbudzi.

Mfundo yanga yotsiriza ndi imene sitikonda kuikamba, koma ndi yoona. Popeza bizinesi ya munthu mmodzi ndi mwini wake ndi chinthu chimodzi, mwiniyo akamwalira bizinesi siimapitirira yokha monga imachitira kampani. Katundu wa m'sitolo, ndalama za kubanki ndi ngongole zomwe zimalowa m'chuma cha masiye. Banki ikamva za imfa imatseka akaunti kufikira atapezeka woyendetsa chumacho mwalamulo, ndipo amene afuna kupitiriza malondawo ayenera kukonza mapepala m'dzina lake. Lamulo la chuma cha masiye la chaka cha 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Koma lamulo limagwira bwino ntchito pamene mwini chuma anakonzeratu. Lembani wilu mukadali ndi mphamvu. Kulemba wilu si kuitana imfa. Akunyumba kwanu adziwe pamene pali setifiketi, laisensi, mabuku ndi mapepala a kubanki. Aphunzitseni kumene mumaoda katundu ndi momwe mumaikira mitengo. Bizinesi imene ili m'mutu mwa munthu mmodzi yekha imakwiriridwa naye limodzi.

Ndipo bizinesi yanu ikakula, mukayamba kulemba antchito ambiri, kutenga makontirakiti aakulu ndi ngongole zoposa chuma cha pakhomo panu, imeneyo ndiyo nthawi yokaonana ndi odziwa malamulo ndi owerengera chuma kuti akuthandizeni kuisandutsa kampani. Musathamangire, komanso musachedwe monga anachitira malume anga, amene anatsegula chigayo chachiwiri ndi ngongole imene inali yaikulu kuposa khola lawo.

Malumewo anamwalira zaka zingapo zapitazo. Setifiketi ija ndinaisunga ine, ikadali m'galasi lake. Palibe cholakwika chimene chili pa pepalalo. Analembetsa bwino, ndipo anachita zoyenera. Chimene chinasowa ndi munthu wowauza tanthauzo lake. Inu lero mwauzidwa. Mukabwerera ku nthambi zanu, ku maofesi anu ndi ku misika yanu, kauzeni anzanu kuti alembetse mabizinesi awo, atenge malaisensi, akhome msonkho, asunge mabuku, ndipo asanakongole aziyamba ayang'ana kukhola.